Dunduzu Chisiza Akanawoloka Mlatho wa Thondwe: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani Zopeka Zosintha Mbiri

Pali mtundu wa nkhani zopeka umene umatenga munthu weniweni wa m'mbiri, makamaka wandale, n'kumupatutsa pa njira imene anayenda kuti tione kumene akanakathera. Ofuna kuyesa kulemba nkhani zotere amakhala ndi mafunso ambiri, ena a luso, ena a chikumbumtima. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa munthu mmodzi, a Dunduzu Chisiza, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino ikamakambidwa pa munthu wodziwika dzina, tsiku ndi malo.

Kodi nkhani yosintha mbiri ikusiyana bwanji ndi bodza?

Nkhaniyi imayenda ndi mbiri yeniyeni mpaka pa tsiku lina, kenako n'kupatuka. Zonse za kumbuyo kwa tsikulo ndi zoona, wowerenga akhoza kukazifufuza. Za kutsogolo kwake ndi za m'mutu mwa wolemba. Wabodza amafuna mumukhulupirire, pamene wolemba uyu amagwirizana nanu poyera: tonse tikudziwa kuti a Dunduzu anamwalira pa ngozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe mu Seputembala 1962, koma tiyeni tiyerekeze kuti galimoto ija inawoloka mlatho bwinobwino. Kukoma kwa nkhaniyi kumachokera poti wowerenga akudziwa zenizenizo.

N'chifukwa chake pamwamba pa nkhani yanu pazilembedwa momveka kuti ndi yopeka, komanso tsiku limene yapatukira. Masiku ano ndime imodzi ikangodulidwa n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp, mawa lake mumva munthu akuilumbirira ngati mbiri.

Bwanji a Dunduzu, osati wandale wina?

Chifukwa anafa funso lalikulu lisanawafike. Anabadwa mu 1930 kumpoto kwa Nyasaland. Ali mnyamata anakagwira ntchito ku Salisbury (Harare wa lero), kumene mu 1955 anathandiza kukhazikitsa City Youth League pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro, ndipo mu 1956 boma la kumeneko linawathamangitsa. Anakaphunzira ku Fircroft College ku Birmingham, n'kubwerera mu 1958 kudzakhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress. Atsamunda atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti (State of Emergency) pa 3 Malichi 1959, anawatsekera m'ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, pamodzi ndi a Kamuzu Banda, a Masauko Chipembere ndi akulu awo a Yatuta Chisiza. Anatuluka mu Seputembala 1960. Chitatha chisankho cha Ogasiti 1961 anakhala wachiwiri ku unduna wa zachuma, pansi pa mzungu Henry Phillips, ndipo mu Julayi 1962 anakonza msonkhano waukulu wa akatswiri a zachuma ochokera kumaiko osiyanasiyana mumzinda wa Blantyre.

Patangopita milungu yochepa, galimoto yawo inapezeka pansi pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Anali ndi zaka 32. Mwana wawo, Du Chisiza Junior, amene anadzatchuka ndi zisudzo, anabadwa mu Malichi 1963 osawaona bambo ake.

Anzawo onse anafunsidwa mu 1964, nduna zitayambana ndi a Kamuzu, kuti ali mbali iti, ndipo tikudziwa zimene aliyense anayankha. A Dunduzu okha sanayankhe. Malo opanda kanthu amenewo ndi amene wolemba amalowamo.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Kutaya nthawi ndi "zikanakhala" kuli ndi phindu lanji?

Palibe nkhani imene idzaukitse munthu, zimenezo n'zoona. Koma tamverani mmene timakambira mbiri yathu: ufulu unabwera, nduna zinagalukira, chipani chinakhala chimodzi, kenako zipani zambiri zinabwera. Timazikamba ngati mvula, yobwera yokha pa nyengo yake. Kakambidwe kameneka kamachotsa anthu m'nkhani. Chikhalirecho panali munthu amene anasaina kalata, wina amene anakhala chete pa msonkhano, wina amene anaimirira m'nyumba ya malamulo ku Zomba n'kulankhula akudziwa kuti ntchito yamuthera. Mukalemba njira imene sinayendedwe, wowerenga amaona kuti imene inayendedwayo inachita kusankhidwa, ndi anthu amene akanathanso kusankha zina. Kwa ine ntchito ya nkhanizi ndi imeneyi, ndipo dziko limene linakhala zaka 30 likuuzidwa kuti panalibe njira ina likuzisowa kwambiri.

Ndisinthe zinthu zingati?

Chimodzi. Galimoto iwoloke mlatho, basi. Musawonjezere kuti a Kamuzu adwale, kuti Angerezi asinthe maganizo, kuti ku Mulanje kupezeke golide. Mukasintha zambiri wowerenga sadziwanso chimene chabala chinzake, ndipo nkhani imasanduka maloto. Zina zonse zosintha zizichokera pa chimodzicho, pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, malo a a Dunduzu ku unduna wa zachuma anatengedwa ndi a John Tembo, amene pofika 1964 anali nduna ya zachuma. A Dunduzu akakhala moyo, a Tembo ali kuti m'nkhani yanu? Funso laling'ono ngati limenelo likhoza kukutsegulirani mitu itatu ya buku.

Ndiye akanakhala moyo, mpungwepungwe wa nduna wa 1964 ukanachitikabe?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo muyenera kudziwa bwino zimene zinachitikadi musanazigwedeze.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zinali zitayambana ndi nduna yaikulu, a Kamuzu. Woyamba kutula pansi udindo anali Colin Cameron, mu Ogasiti, pokana lamulo lotsekera anthu osawazenga mlandu. Kumapeto kwa mwezi womwewo nduna zina zinayala madandaulo awo: tiki (ndalama ya makobiri atatu) imene odwala ankalipira kuchipatala, lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo a azungu kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, thandizo la ndalama limene dziko la China linalonjeza koma a Kamuzu osalifuna. Pansi pa zonsezi panali kupwetekedwa mtima kwa amuna akuluakulu, ena ophunzira kwambiri, amene ankatchulidwa "anyamata anga" pagulu. Pa 7 Seputembala a Kamuzu anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo. A John Msonthi anatulanso koma anabweza. A Chipembere anali ku Canada. Atabwera anagwirizana ndi anzawo. Pa 8 ndi 9 Seputembala nyumba ya malamulo inaima ndi a Kamuzu.

Zoyambitsa mkanganowu sizinadalire imfa ya munthu mmodzi, choncho ine ndimati ukanabukabe. Chosintha ndi amene ali pa tebulo. Ganizirani: munthu amene ali ndi mabuku a chuma m'manja akudziwa kuti boma silingalipire aphunzitsi popanda ndalama zochokera ku London. Tiki ija ndi yoipa pamaso pa anthu, koma iye akudziwa dzenje limene ikuyesa kukwirira. Kodi akanatsutsa pamodzi ndi anzake, kapena akanapezeka akuiteteza? Iyeyo ndi mlembi wamkulunso wa chipani cha Malawi Congress Party, wodziwa apampando a nthambi kuchokera ku Karonga mpaka ku Port Herald. Nduna zenizenizo zinagonja mwa zina chifukwa chipani ndi achinyamata ake anali m'manja mwa a Kamuzu. Ndi a Dunduzu mbali yawo, mwina sikelo ikanapendekeka. Mwinanso a Kamuzu, poona zimenezo, akanayamba kuchotsa iwowo chaka cha 1964 chisanafike.

Njira yosavuta ndi yoti atule pansi udindo ndi anzawo, athawire ku Dar es Salaam. Njira imene imandisowetsa tulo ndi ina: atsale. Atsale podziuza kuti wina ayenera kukhala m'kati kuti aziziziritsa mtima wa nkhalamba, kuti chuma chisagwe, kuti akumpoto asatheretu m'boma. Ndiye ifike Okutobala 1967, pamene akulu awo a Yatuta analowa m'dziko ndi mfuti kudzera chakumadzulo, ku Mwanza, n'kuphedwa ndi asilikali. M'nkhani yanu, nduna imene yakhala pa msonkhano wovomereza ndalama za asilikaliwo ndi mng'ono wawo. Mukalemba m'mawa umenewo moona mtima, mwalemba buku.

Koma ambiri amati a Dunduzu ndi amene akanapulumutsa dziko. Ndilakwa kuwalemba choncho?

Mukhoza kutero, koma nkhaniyo idzakhala yozizira, komanso sidzakhala yachilungamo kwa iwo. N'zoona kuti m'zolemba zawo anachenjeza za ulamuliro wankhanza umene ungabwere ufulu ukapezeka. N'zoonanso kuti anali mlembi wamkulu wa chipani chimene mu 1960, pa msonkhano wa ku Kota Kota, chinapatsa a Kamuzu utsogoleri wa chipani wa moyo wonse. Mbadwo wa a Dunduzu, a Chipembere ndi a Chiume ndi umene unaitana dokotalayo, amene anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka pafupifupi 40, n'kumukweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi chifukwa nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inkafuna dzina limodzi. Otsutsa chipani ankaopsezedwa ufulu usanabwere n'komwe. Munthu wanu anali m'kati mwa zonsezo.

Tayang'ananinso kwa anansi athu. Tanzania ya Julius Nyerere inakhala ya chipani chimodzi mu 1965, Zambia ya Kenneth Kaunda mu 1972. Ku Kenya, Tom Mboya, wobadwanso mu 1930 komanso katswiri wa mapulani a chuma, anawomberedwa mu Nairobi mu 1969. Mphepo ya nthawiyo inkaomba choncho. Ngati a Dunduzu a m'nkhani yanu afika pa mpando, afunseni funso limene anzawo onse anafunsidwa: atani ndi munthu woyamba amene wawatsutsa pagulu? Imfa yaubwana imasungira munthu mbiri yoyera. Mukamupatsa zaka zina 30, mwamupatsanso mpata wolakwa, ndipo kumulemekeza kwenikweni n'kumulola akhale munthu.

Nanga a Kamuzu ndiwalembe bwanji?

Osati ngati chilombo cha m'nthano. Akakhala chilombo, onse amene anawatsata amaoneka opusa, pamene ambiri mwa iwo anali makolo athu, anthu anzeru zawo. Lembani dokotala wodekha, wosunga nthawi, wovala suti ndi chipewa dzuwa likuswa mtengo, wolankhula Chingerezi pa msonkhano womasulira ali pambali. Lembani munthu wokhulupirira ndi mtima wonse kuti achinyamatawa akhoza kugwetsa dziko m'chaka chimodzi akawalekerera, ndipo pa mfundo zina, monga ya njanji, mumupatse zifukwa zomveka. Nkhanza zimene zinachitika musazichepetse: anthu anatsekeredwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu, a Mboni za Yehova anazunzidwa, nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983. Wowerenga amachita mantha enieni akaona kuti zonsezi zinachokera kwa munthu amene maganizo ake akuwamvetsa.

Ndi zinthu ziti zimene sindiyenera kuzigwedeza?

Mapu ndi thumba la boma. Malawi wa 1964 alibe doko. Katundu wake akudutsa pa njanji ya ku Beira, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo pa 25 Seputembala chaka chomwecho Frelimo inayamba nkhondo yake yomenyera ufulu wa Mozambique. Kum'mwera, Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965. Amuna ankhaninkhani ali ku migodi ya ku South Africa ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ndipo ndalama zimene amatumiza ndi zimene zikugulira mabanja mchere ndi zovala. Chuma chili pa tiyi, fodya, mtedza ndi thonje. Yunivesite inatsegula zitseko mu 1965. Akuluakulu a asilikali ndi apolisi akadali Angerezi.

Aliyense wolamulira dziko lanu lopekalo akumana ndi zimenezi. Ngati mtsogoleri wanu akana ubale umene a Kamuzu anamanga ndi South Africa mu 1967, zili bwino, koma muonetse mtengo wake. Ndani akupereka ndalama zomangira likulu ku Lilongwe? Mwina likulu likhalabe ku Zomba, ndiye chigawo chapakati chikuti bwanji? Apwitikizi akachedwetsa sitima za mafuta, basi ya ku Mzimba iyenda ndi chiyani? Dziko lopeka limene zonse zikuyenda bwino chifukwa choti mtsogoleri ndi wabwino mtima silikhutiritsa ngakhale mwana wa sekondale.

Kodi n'kololedwa kuika mawu m'kamwa mwa anthu enieni? Mabanja awo alipo.

Kumbali yopeka, inde, chifukwa popanda kulankhula palibe nkhani. Koma pali malire awiri. Oyamba: kumbuyo kwa tsiku lopatukira musapeke mawu n'kuwaonetsa ngati analankhulidwadi. Achiwiri ndi olemera kwambiri. Musagwiritse ntchito nkhani yopeka pozenga munthu weniweni mlandu umene simungathe kuutsimikiza. Imfa ya pa Thondwe yakhala ndi manong'onong'o kuyambira 1962, koma palibe khoti limene linapezapo munthu wolakwa. Mukalemba kuti wakutiwakuti ndiye anakonza, n'kubisala kumbuyo kwa mawu akuti "ndi zopeka", mwanamizira munthu amene sangadziyankhire, ndipo adzukulu ake adzawerenga. Mwayi wa nkhani yathuyi ndi woti galimoto yawoloka, ndiye funso la wopha silikufunikanso.

Za m'nyumba, za chikondi, za matenda a anthu enieni, zisiyeni pokhapokha zili zodziwika kale. Andale amene ali moyo lero ndi bwino kuwatalikira, chifukwa nkhani yotere imasanduka kampeni msanga.

Nkhaniyi ioneke ndi maso a yani?

Ambiri amathamangira kulowa m'mutu mwa wandale mwiniwake. N'zotheka, koma nthawi zambiri amene amaona bwino ndi wapambali, munthu wopeka amene muli naye ufulu wonse: kalaliki wotayipa makalata a nduna, dalaivala, mesenjala wa pa boma, mphunzitsi wa kumudzi amene amawerengera anthu Malawi News pansi pa mtengo.

Tengani tiki ija. M'malo molemba nduna zikukangana za ndondomeko, yambani ndi mayi amene wafika pa chipatala cha boma m'bandakucha, mwana wotentha thupi ali kumbuyo. Pa ngodya ya chitenje wamanga mfundo, ndipo m'mfundomo muli ndalama imene anagulitsira mazira dzulo. Pa mzere akumasula mfundoyo ndi mano chifukwa dzanja lina lagwira mwana. Wolemba mayina pa windo sakuyang'ana nkhope, akuyang'ana dzanja. Kumbuyo kwa mayiyu kuli gogo amene alibe kanthu, amene anavina usiku wonse pa 6 Julayi atauzidwa kuti dziko tsopano ndi lake. Kenako mutitengere ku ofesi ku Zomba, kumene munthu wanu ali ndi pepala losonyeza ndalama zimene matiki amenewa abweretsa mwezi uno. Wowerenga wamuona kale gogo uja, ndiye chilichonse chimene nduna isaine chili ndi kulemera.

Ndi zolakwika ziti zimene zimaulula kuti wolemba sanafufuze?

Mayina ndi ndalama. Mu 1962 kulibe kwacha ndi tambala, zinabwera mu 1971. Anthu akuwerenga mapaundi, mashereni ndi makobiri. Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Chitipa ndi Fort Hill. Likulu ndi Zomba mpaka 1975. Chilankhulo chimene mukuwerengachi chikutchedwa Chinyanja m'sukulu mpaka 1968, chaka chimene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo nduna yochokera kumpoto ikanakhala ndi mawu pa nkhani imeneyo. Wailesi yakanema kulibe. Nkhani zikuyenda pa wailesi, pa telegalamu ndi pakamwa. Samalaninso za amene anali kuti: usiku wa ngozi ya pa Thondwe a Chipembere anali m'ndende, anatuluka mu Januwale 1963. Mukawaika pa phwando ndi a Dunduzu sabata imeneyo, wowerenga wodziwa atseka buku.

Kupatula Thondwe, pali mphambano zina zimene wolemba angayambirepo?

Zilipo, ndipo ina ndi ya pamadzi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 a Chipembere ndi anthu awo analanda Fort Johnston n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo kuukirako kunathera pomwepo. A Chipembere anadzamwalira ku Los Angeles mu 1975. Ikani pantoniyo tsidya lino. Koma kumbukirani kuti kutsogolo kuli asilikali a ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndiye kuwoloka si kupambana. Mwina n'kukhetsa magazi ochuluka kuposa amene anakhetsedwa.

Ina ndi ya a Orton ndi mayi Vera Chirwa, amene anagwidwa kumapeto kwa 1981 chakumalire ndi Zambia, n'kuweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, patatsala miyezi yochepa kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike. Akanakhala kunja mpaka nthawiyo, chisankho cha 1994 chikanakhala ndi munthu amene anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party. Ndipo ine ndikulakalaka wina atalemba za mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200: mayi amene anasonkhanitsa amayi polimbana ndi chitaganya, amene ndale zawo zinadulidwa mu 1964 asanakwanitse zaka 40. Apatseni zaka zimene analandidwazo, tione chimene bungwe la amayi likanakhala akanapitiriza kulitsogolera iwo.

Ndikafufuze kuti?

Ku National Archives ku Zomba kuli zikalata za boma ndi nyuzipepala zakale. Zokambirana za m'nyumba ya malamulo za pa 8 ndi 9 Seputembala 1964 zinalembedwa mawu ndi mawu, ndipo mukaziwerenga mudzamva mmene anthuwa ankalankhulira, mmene ena ankatamandira a Kamuzu m'chiganizo chomwecho chimene akuwadandaulira. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mumzinda wa Blantyre, ili ndi mabuku ndi zithunzi za nthawiyo. A Chiume, a Chipembere ndi mayi Vera Chirwa anasiya mbiri za moyo wawo. Muziwerenge podziwa kuti aliyense akudzifotokozera mbali yake.

Kenako pitani kwa agogo. Amene anali ndi zaka 15 mu 1964 lero adutsa zaka 70, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Musawafunse kuti wolakwa anali ndani, chifukwa ambiri anaphunzira kalekale kusayankha funso limenelo. Afunseni mtengo wa shuga, nyimbo zimene ankaimba pa sukulu, amene anali ndi wailesi m'mudzimo, chimene chinachitikira mphunzitsi amene anangosowa pakati pa teremu. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo mayina a anthu wamba amene angatchulidwe muwasinthe polemba.